KUWERENGA MAPHATIKIZO M'MAWU A CHINGEREZI

Anzanga, makamaka inu a Fomu 1 ndi Fomu 2, mneni woti kuwerenga ali ndi ntchito ziwiri m'Chichewa. Timawerenga buku, timawerenganso mbuzi zikamalowa m'khola. Pa maphatikizo a Chichewa ntchito ziwirizi zimayendera limodzi. Mwana wa Sitandade 1 akamati ku-phu-nzi-ra, wawerenga mawuwo ndipo wawerenganso maphatikizo ake, kuti alipo anayi. Malembo a liwu ali anayi, maphatikizo anayi, nkhani yathera pomwepo. Tidazolowera motero kuyambira pa ba be bi bo bu, ndipo chizolowezi chomwechi ndicho chimatigwetsa tikafika pa Chingerezi.

Taonani mawu awa: area ndi strengths. Oyambawo ali ndi malembo anayi okha koma maphatikizo ake ndi atatu. Achiwiriwo ali ndi malembo 9 koma phatikizo lake ndi limodzi. Nanga queue? Malembo a liwu alimo anayi ondondozana, komabe Mngerezi amangotchula kamodzi, ngati akutchula lembo la q. Tsono apa mwaona kale kuti maso sangatithandize kwenikweni. M'Chingerezi phatikizo ndi nkhani ya khutu.

Chifukwa chake n'chakuti Chingerezi chili ndi malembo 26, koma m'kalankhulidwe ka ku England kamene madikishonale athu amatsata muli mamvekedwe pafupifupi 44. Mwa amenewa pafupifupi 20 ndi a gulu lija ife timalilemba ndi a, e, i, o, u. Ife tili nawo asanu, ndipo malembo ake ndi asanu omwewo. Anzathuwo katundu adawachulukira, madengu n'kuwachepera. Choncho lamulo limene ine ndimagwiritsa ntchito ndi ili: phatikizo lililonse lili ndi mtima umodzi, ndiye kuti liwu lija limatuluka momasuka, losatsekerezedwa ndi lilime, mano kapena milomo. Werengani mitima imene ikumveka, osati malembo amene akuoneka.

Tisanapite kutali tiyenera kudziwa chimene lilime lathu limachita likakumana ndi mawu achilendo. Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu. Lilime lathu silikonda kuima pa k, pa t kapena pa s, ndiponso silikonda kulumpha kuchoka pa s kupita pa p popanda popondera. Tsono limadziikira miyala yopondapo. Makolo athu atamva school adati sukulu, spoon adati supuni, fork adati foloko, bread adati buledi, glass adati galasi. Mawu onsewa m'Chingerezi ndi a phatikizo limodzi, koma kwathu kuno adasanduka a maphatikizo atatu. Blanket ali ndi awiri, ife tidapanga bulangete, anayi. Palibe cholakwa apa. Amenewa tsopano ndi mawu a Chichewa, ndipo munthu wotchula spoon pakati pa chiganizo cha Chichewa, supuni ilipo, ine ndimangomuona ngati wodzionetsera. Vuto limabwera pamene tatenga miyala yopondapo ija n'kulowa nayo m'Chingerezi.

Mwina wina anena kuti, "Nanga pali chiyani, bola andimve." Komatu nthawi zina sakumvani. Mukaika kaliwu pakati pa s ndi p m'mawu akuti sport, mwanena support. Blow amasanduka below, train amasanduka terrain, prayed amasanduka parade, claps amasanduka collapse. Kumapeto kwa mawu ndiye kuli ngozi yoposa. Mukawonjezera i pa eight mwanena eighty, ndipo ngati nkhani yake ndi ya ndalama kapena ya malikisi, kusiyana kwa 8 ndi 80 si kwamasewera. Part amakhala party, arm amakhala army, bell amakhala belly. Matendawa sathera pakamwa pokha, amatsikira m'cholembera. Ndikamaona makope a anzanga ndimapezamo ziganizo monga "The test was very difficulty" kapena "He is an honesty boy". Wolembayo sikuti sadziwa kusiyana kwa dzina ndi mfotokozi ayi. Khutu lake lidazolowera kumva difficult ndi difficulty ngati mawu amodzi, chifukwa onse awiri amawatchula ndi i kumapeto. Akadawerenga maphatikizo akadaona kuti difficult ali ndi atatu pamene difficulty ali ndi anayi, honest awiri pamene honesty atatu, health limodzi pamene healthy awiri. Woonga mayeso a MSCE samva chisoni pa zoterezi.

Njira zowerengera zilipo zingapo ndipo mudazimva kale. Ena amaomba m'manja. Ena amaika dzanja kunsi kwa chibwano n'kumawerenga kuti chibwano chatsika kangati. Ine ndimakonda njira yachitatu, yoimba mawuwo milomo ili chitsekere, monga amachitira mayi potonthoza mwana ali kumbuyo. Mukatero malembo onse amasowa, mumangotsala ndi mm, mm-mm, mm-mm-mm. Koma chenjerani, njira zonsezi zimawerenga zimene inu mwatchula, osati zimene mawuwo ali nazo. Munthu amene amatchula asked kuti asikedi adzaomba m'manja kanayi ndi mtima woyera, chonsecho mawuwo ndi a phatikizo limodzi. N'chifukwa chake tiyenera kudziwanso malo amene malembo a Chingerezi amanamiza maso.

Malo oyamba ndi e wa kumapeto. M'mawu monga name, make, time, hope ndi stone e ameneyu samveka, ndipo mawu onsewa ndi a phatikizo limodzi. Sikuti adali chete chiyambire. M'masiku a mlakatuli Geoffrey Chaucer, amene adamwalira m'chaka cha 1400, e wotereyu ankamvekabe m'mawu ambiri, kotero kuti name ankatchulidwa pafupifupi monga mmene Mchewa angawerengere malembowo, na-me. Pambuyo pake katchulidwe kadasintha, e adaleka kumveka. Koma m'chaka cha 1476 William Caxton adakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster, ndipo m'zaka zotsatira kalembedwe kadayamba kuuma pamene pakamwa pa anthu padapitiriza kusintha. Lero e ameneyu ali ndi ntchito ina, yotiuza katchulidwe ka lembo la liwu limene lili patsogolo pake. Yerekezani hat ndi hate, bit ndi bite, hop ndi hope. Mamvekedwe asintha koma chiwerengero cha maphatikizo sichinasinthe.

Alipo mawu ochepa obwerekedwa ku Chigiriki ndi ku Chilatini amene e wawo adakana kutseka pakamwa. Inu amene mwalawako Chilatini simudabwa, poti kumeneko lembo la liwu la kumapeto limatchulidwa ndithu. Recipe ndi simile ali ndi maphatikizo atatu, apostrophe, catastrophe ndi hyperbole ali ndi anayi. Atatu mwa mawu amenewa mudzakumana nawo m'phunziro la Chingerezi lomweli, tsono ndi bwino kuwaloweza.

Palinso mawu othera ndi le, monga table, bottle, little, candle ndi people. Onsewa ali ndi maphatikizo awiri, ngakhale e wake samveka. Kodi mtima wa phatikizo lachiwirilo uli pati? Uli pa l mwiniwakeyo. Izi zimazunguza anthu ambiri, koma ife siziyenera kutivuta, chifukwa tili nazo kwathu. Tchulani mtengo pang'onopang'ono. Mumva m-te-ngo, maphatikizo atatu, chonsecho malembo a liwu alimo awiri. M woyambayo waima payekha, wasenza phatikizo lonse. Chimodzimodzi mkango ndi mlimi. Zimene m amachita kumayambiriro kwa mawu athu ndi zimene l, n ndi m amachita kumapeto kwa mawu a Chingerezi: bot-tle, but-ton, rhy-thm. Apa njira ya chibwano imalephera, poti chibwano sichitsika kwenikweni pa phatikizo lachiwirilo, koma njira yoimba chitsekere imaligwira. Muonetsetse kuti patsogolo pa le pali lembo lopanda liwu. Mu sale, rule ndi whole mulibe zimenezi, amenewa ndi a e wachete uja.

Tsopano tifike pamene ambiri timagwera, pa ed wa nthawi yakale. Pano ndichedwapo pang'ono. Lamulo lake ndi lalifupi: ed amawonjezera phatikizo pokhapokha mneni akathera ndi liwu la t kapena la d. Want ali ndi limodzi, wanted awiri. Need, needed. End, ended. Decide ali ndi awiri, decided atatu. Chifukwa chake n'chomveka. Simungatchule t kapena d pamwamba pa mnzake popanda kuwalekanitsa, anthu sangamve kuti mwasintha nthawi. Koma kwina konse e wa mu ed ndi wakufa. Walked amamveka ngati akuthera ndi kt, stopped ndi pt, loved ndi vd, washed ndi sht. Phatikizo limodzi basi. Ndikudziwa kuti lilime limakana, limafuna kunena wokedi ndi sitopedi. Yambani ndi walk, muime pa k mpweya usanatuluke, kenaka mugunde t mopepuka ndi nsonga ya lilime, osatsegulanso kukamwa. Mukachita zimenezi kakhumi patsiku kwa sabata imodzi, lilime limagonja.

Pali afotokozi ena akalekale amene adasunga katchulidwe ka makolo. Wicked, naked, sacred, crooked ndi ragged ali ndi maphatikizo awiri. Ena amasintha malinga ndi ntchito imene akugwira m'chiganizo. Mukati "She learned French", learned ndi mneni ndipo ali ndi limodzi. Mukati "a learned judge", kutanthauza woweruza wophunzira kwambiri, ali ndi awiri, learn-ed. Blessed amachitanso chimodzimodzi: "He blessed the food" limodzi, koma akaima patsogolo pa dzina ngati mfotokozi kawirikawiri amatchulidwa bless-ed. Amene mumapatsidwa udindo wowerenga pagulu m'Chingerezi muziyamba mwayang'ana ntchito ya mawuwo musanaimirire.

Es wa kumapeto amatsata nzeru yomweyo. Amawonjezera phatikizo mawu akathera ndi liwu lofanana naye, la s, z, sh, ch kapena j: bus-es, box-es, church-es, judg-es, ros-es. Kwina konse ayi. Makes, hopes ndi names ndi a limodzi. Clothes nawonso ndi a limodzi, ngakhale timamva anthu ambiri akuti kilothezi.

Malembo a liwu awiri akagundana, kawirikawiri amapanga mtima umodzi, monga mu rain, boat, bread ndi cloud. Koma si nthawi zonse. Mu create, react, poem, lion ndi science aliyense amamveka payekha, ndipo mawu onsewa ali ndi maphatikizo awiri. Pano palibe lamulo limene ndingakupatseni loti n'kulidalira. Cream limodzi, create awiri, chonsecho onse ayamba ndi crea. Chimene chimathandiza nthawi zina ndi kuona ngati mawuwo ndi olumikiza. Mu react muli re ndi act, mu being muli be ndi ing, mu going muli go ndi ing, ndipo polumikizirapo ndi pamene pali malire. Mawu awiri amene ndikupemphani kuti muwasamale ndi quite ndi quiet. Malembo ake ndi omwewo, angosinthana malo. Quite ali ndi limodzi, quiet ali ndi awiri, qui-et. Amene amamva kusiyanaku sadzalembanso "keep quite" pa bolodi nthawi ya sitade. Za y sindichulutsa: mu yes ndi yellow ndi lembo lopanda liwu, koma mu sky, gym ndi happy ndiye mtima wa phatikizo.

Chinthu china chimene chimasiyanitsa zilankhulo ziwirizi ndi kutsindika. M'Chichewa maphatikizo amayenda ngati asilikali pa perete, aliyense ndi mpata wake, kupatula kuti timakoka pang'ono lachiwiri kuchokera kumapeto. M'Chingerezi phatikizo limodzi limadya bwino, anzake n'kumagona ndi njala. Tchulani PHO-to-graph, pho-TO-gra-phy, pho-to-GRA-phic, mumve mmene mphamvu ikusamukira. Phatikizo lopanda mphamvu limafooka mpaka liwu lake kusanduka kaliwu kosadziwika bwino kamene madikishonale amakalemba ndi e wozondoka. Likafooka kwambiri limafa ndithu. Ndicho chifukwa chake business ali ndi maphatikizo awiri, Wednesday awiri, evening awiri. Every ndi chocolate anthu ambiri amawatchula ndi awiri, vegetable, comfortable ndi interesting ndi atatu: VEG-ta-ble, COMF-ta-ble. Ife timakonda kuukitsa akufawa n'kuwapatsanso mphamvu, tikumati vejetebo ndi komfotebo, ngati kuti m'mawumo muli tebulo.

Ndisakunamizeni kuti mawu aliwonse ali ndi yankho limodzi. Secretary ndi dictionary ku England amamveka ndi maphatikizo atatu kawirikawiri, pamene ku America amamveka ndi anayi. Fire, hour ndi flower eni ake omwe sagwirizana, ena amamva limodzi ena awiri, ndipo alakatuli amawagwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri malinga ndi mpata umene ali nawo. Flower ndi flour amatchulidwa mofanana, komabe mukafunsa anthu ambiri adzakuuzani kuti duwa lili ndi awiri, ufa uli ndi limodzi. Maso awanamiza eni chilankhulo omwe. Mawu otere si oyenera kukanganirana mpaka kukwiyitsana.

Safunsa adadya phula. Mukakayika tsegulani dikishonale, koma mudziwe poyang'ana. Madikishonale ena amaika timadontho pakati pa mawu, ndipo timeneti timasonyeza pamene mungadule mawu mzere ukatha, osati chiwerengero cha maphatikizo nthawi zonse. Yang'anani katchulidwe kamene kalembedwa ndi zizindikiro zachilendo zija pambali pa mawuwo. Kamzere kakang'ono kapamwamba kamaima patsogolo pa phatikizo lotsindika. Zizindikirozi zimaopsa poyamba, koma tanthauzo lake limalembedwa kuchikuto kapena kumasamba oyambirira. Dikishonale ya Oxford Advanced Learner's imene ambiri timaidziwa adaiyamba ndi A. S. Hornby, mphunzitsi amene ankaphunzitsa Chingerezi ku Japan. Idatuluka koyamba komweko m'chaka cha 1942 ndi dzina lina, ndipo a Oxford adaisindikiza mu 1948. Adailembera anthu onga ife, ophunzira Chingerezi ngati chilankhulo chachilendo. Masiku ano madikishonale a pa intaneti amatchula okha mawu mukadina, tsono pa tchuthi mukapeza mpata mverani ndi khutu lanu.

Kodi zonsezi phindu lake n'chiyani kupatula kutchula bwino? Choyamba, malamulo ena a galamala amadalira chiwerengero cha maphatikizo. Poyerekeza zinthu ziwiri, mfotokozi wa phatikizo limodzi amalandira er: taller, stronger. Wa maphatikizo atatu kapena kuposa amafuna more: more beautiful, more difficult. A maphatikizo awiri ndiwo ali pakati. Othera ndi y amalandira er, monga happier ndi easier, ena ambiri amafuna more, monga more careful ndi more famous, ndipo ochepa monga clever ndi quiet amalola zonse ziwiri.

Chachiwiri ndi sipelo, makamaka funso lija limativutitsa m'chipinda cha mayeso: kodi ndilembe t mmodzi kapena awiri? Mawu a phatikizo limodzi othera ndi lembo la liwu limodzi ndi lopanda liwu limodzi amabwereza lomalizalo: stop, stopped, sit, sitting, big, bigger. Malembo a w, x ndi y okha ndiwo sabwerezedwa. Mawu akakhala aatali, funsani pamene pali mphamvu. Ikakhala pa phatikizo lomaliza, bwerezani: be-GIN, beginning, for-GET, forgetting, oc-CUR, occurred. Ikakhala koyambirira, musabwereze: VI-sit, visited, O-pen, opening, HAP-pen, happened. Umboni wokoma wa lamuloli uli pa prefer. Timalemba preferred ndi r awiri poti mphamvu ili kumapeto, koma preference ndi r mmodzi poti mphamvu yathawira kutsogolo. Offer ndi prefer amaoneka ngati pachibale, koma offered ali ndi r mmodzi. Lembo la l limaphwanya lamuloli m'kalembedwe ka ku Britain kamene timatsata m'sukulu zathu: travelled ndi cancelled ali ndi l awiri, pamene a ku America amalemba mmodzi.

Chachitatu ndi ndakatulo. Alakatuli ambiri a Chingerezi ankamanga mizere yawo powerenga maphatikizo. Mzere wotchuka kwambiri ndi wa maphatikizo 10, lofooka kenaka lamphamvu, kasanu. Nachi chitsanzo chimene ndapeka ndekha:

The bell has rung, the boys have gone to class.

Imbani chitsekere mumve: ti-TI ti-TI ti-TI ti-TI ti-TI. William Shakespeare, amene adabadwa mu 1564 n'kumwalira mu 1616, adalemba mbali yaikulu ya masewero ake m'mizere yotere, pamodzi ndi ndakatulo zake 154 zimene zidasindikizidwa mu 1609, pafupifupi zonse za mizere 14. Mukadziwa zimenezi, zinthu zina zodabwitsa m'mabuku akale zimayamba kumveka. Mukaona o'er m'malo mwa over, kapena heav'n m'malo mwa heaven, dziwani kuti mlakatuli wadula phatikizo kuti mzere usasefukire. Mukaona kachizindikiro pamwamba pa e wa mu ed, akonzi a bukulo akukuuzani kuti pano mumutchule, mzere ukupelewera. A kwaya nawonso aonapo manambala monga 8.6.8.6 pamwamba pa nyimbo m'mabuku ena a Chingerezi. Amenewo ndi maphatikizo a mzere uliwonse, ndipo nyimbo ziwiri za manambala ofanana zikhoza kubwerekana maimbidwe. Ndi pomweponso pamene omasulira nyimbo amatuluka thukuta, poti love ndi phatikizo limodzi pamene chikondi ndi atatu.

Nayi ntchito yoti muchite ndi mnzanu wokhala naye desiki imodzi. Aliyense alembe payekha chiwerengero cha maphatikizo a mawu awa: scratched, created, judges, clothes, rhythm, science, visited, business, honesty, apostrophe, beloved. Mukatha musinthane mapepala, ndipo pamene mwasiyana musathamangire dikishonale. Yambani mwaimba mawuwo chitsekere, wina akumvera, kenaka mufufuze kuti ndi liti mwa malo onama aja lakusokonezani. Dikishonale ibwere pomaliza kudzagamula mlandu. Pa beloved mupeza mayankho awiri, ndipo onse ndi olondola. Mulembe chiganizo chimodzi cha yankho lililonse.